Mphuno ya Nyumba

Msasa wa m'chipululu, Arabiya
5 Novembala 1978

Kwa amake Okbun, ku Samgol,

M'dzina la Mulungu Atate, mwini dzuwa ndi chisanu chomwe, moni kwa inu mkazi wanga, kwa Amayi ondibala, kwa mwana wathu Okbun amene awerenga mawu awa mokweza, ndi kwa yense wokhala pansi kumvetsera. Mtendere ukhale nanu. Ine kuno ndili moyo, ndidya, ndigona, ndipo mwa chifundo chake ndikhomabe matabwa a mlatho pamodzi ndi anyamata amene ndikadakhoza kuwabala.

Ndalama za mwezi watha kampani yatumiza ku banki ya ku Inje. Chakhumi mupatule choyamba, mupereke kwa dikoni Pang. Zotsalazo mugulire malasha okwanira chisanu chonse, pakuti mtengo wake ukwera chipale chofewa chikatseka msewu. Kabichi wa kimchi, ndiwo zathu zoviika mu mchere, musaumire, ndipo mitsuko ikwiriridwe nthaka isanalimbe.

Tsopano za mpopi. Kuno dzuwa liotcha kotero kuti chitsulo sichigwirika masana, koma mtima wanga uli pa chisanu cha kwathu. Ichi ndicho chisanu choyamba cha paipi ija ndinaiika ndi manja anga ndisanachoke, ndipo mudziwa chimene ndinaiikira. Sindinaiwale tsiku lija tinakutolani panjira ya ku chitsime, mtsuko utasweka, madzi ataundana pa chovala chanu, chiuno chitaguluka. Ndinalonjeza pamaso pa Ambuye kuti simudzatsikanso njira yoterera ija. Chifukwa chake mverani.

Paipi yonse, kuyambira potulukira m'nthaka kufikira pa mpopi wa m'khitchini, muikulunge ndi chingwe cha mapesi a mpunga, mopanikiza, osasiya mpata ngakhale wa chala. Pamwamba pake mumange nsanza, koma zouma, pakuti nsanza yonyowa iundana niziziritsa chitsulo koposa mphepo. Jekete langa lakale la usilikali mulidule, musalimvere chisoni. Ndipo dzuwa likalowa, mpopi musautseke konse. Muusiye ukudontha, madzi ake onga ulusi wosokera, kugwera mu mtsuko waukulu. Madzi oyenda sagwidwa msanga; oima ndiwo aundana nang'amba chitsulo.

Pali mnyamata pano, dzina lake Ma Chun-bae, wa ku Seoul, wogona pa bedi la pamwamba pa langa. Ndiye alemba keyala yanu pa envelopu m'zilembo za Azungu, popeza zilembo zimenezo ndi maso anga sizimvana. Pakamwa pake sipatsekeka. Anditcha “achimwene a Aleluya.” Pondiona ndilemba izi wati, “Achimwene, anzanu amalembera akazi awo zachikondi, inu tsamba lonse paipi, paipi. Kodi munakwatira uti, mayiwo kapena mpopi?” Ndamdzudzula, koma m'kati ndaseka. Sapemphera, koma mtima wake suli woipa.

Kuno kulibe belu la tchalitchi, ndipo satilola kuimba mokweza. Zina za kuno ndidzanena pakamwa. Fumbi lindivuta pang'ono m'maso; si kanthu.

Ine mwamuna wanu,
Yom Tae-bok


26 Novembala 1978

Kwa amake Okbun,

Chisomo chikhale nanu. Kalata yanu yafika, ndipo ndayamika Mulungu pomva kuti muli amoyo nonse atatu, ndi kuti mitsuko yalowa m'nthaka. Dzanja la Okbun likongola polemba. Ine ndili bwino, kupatula dzanja lamanzere limene ndamanga nsalu. Thabwa linaterereka, si kanthu.

Zinthu ziwiri zandisowetsa mtendere. Choyamba ndicho cha Amayi. Mwalemba kuti inu mukasiya mpopi ukudontha, iwo atuluka m'chipinda chawo cha kumapeto, nalowa m'khitchini, nautseka, nati, “Make mwana, madziwa akulira. Ine ndasenza madzi mpaka msana kupindika, lero muziwataya ngati mkodzo wa ng'ombe?” Powerenga ndamva mawu awo ngati ali pano. Sindikhoza kuwadzudzula, pakuti ndinakula ndi madzi a pamutu pawo. Koma taonani chotsatira chake: m'mawa mpopi unauma, ndipo inu munathirapo madzi owira a mu ketulo. Musadzaterenso. Chitsulo chozizira chikalandira madzi owira ching'ambika. Madzi ofunda okha, pa nsanza, pang'onopang'ono, kuyambira kukamwa kwa mpopi kubwerera m'mbuyo.

Chachiwiri ndicho mphuno. Paipi ndinaidutsitsa pansi penipeni pa kabowo kaja ka m'khoma la kumpoto kwa khitchini, kamene Atate anasiya pomanga, Amayi nakatcha mphuno ya nyumba. M'nyengo yofunda sindinaganize. Tsopano mphepo ya ku phiri ilowa pa mphunopo nigwera pa chitsulo kufikira kucha, ndipo nsanza sizidzailaka mphepo imeneyo.

Chifukwa chake ndilamula monga mutu wa banja. Mupemphe dikoni Pang atseke mphunoyo: nsanza pakati, dothi losakaniza ndi mapesi kunja ndi m'kati. Ming'alu ya chitseko cha khitchini muimate ndi mapepala, kuti pasalowe mphepo ngakhale yozima kandulo. Ndipo madzulo, mukaika malasha atsopano pamoto, mukoke chitsekocho, muikepo loko, kiyi mugone naye, kuti Amayi asafike pa mpopi.

Ndidziwa chimene adzanena. Adzati, “Nyumba imapuma ngati munthu, mukaitsina mphuno ifa.” Muwayankhe mwaulemu kuti mawu amenewo anali oona m'masiku a nkhuni, pamene utsi unafuna potulukira. Malasha alibe utsi. Za mpweya wake woipa ndidziwa. Umenewo ulowa pa ming'alu ya pansi pa chipinda, m'mene mudutsa moto wofunditsa pogona, ndipo ming'alu yonseyo ndinaimata ndekha ndi simenti. Musaope.

Chun-bae wawerenga kalatayi polemba envelopu, pakuti alibe manyazi. Wati, “Aleluya! Nzeru zaulere izi. Kanyumba kanga ka lendi kali pamwamba pa phiri, mphepo yake ngati mpeni. Chaka chatha mpopi wa m'khitchini unaphulika, mwininyumba kutilipitsa mpaka misozi. Bwerekeni cholembera, achimwene.” Walembera mkazi wake mawu omwewo, kuti atseke kazenera ka khitchini ndi pulasitiki, ndipo makalata athu apita m'thumba limodzi. Ndakondwera kuti imvi zanga zathandiza wina.

Mapasipoti athu ali m'bokosi la kapitawo Ku. Akuti kuti asatayike. Mundikumbukire m'mapemphero a mbandakucha.

Yom Tae-bok


17 Disembala 1978

Kwa amake Okbun,

Moni wa kubadwa kwa Mpulumutsi, angakhale kalatayi idzakupezani phwandolo litapita. Ndili moyo. Dzanja lichedwa kupola, koma nyundo igwidwa ndi lamanja. Yankho lanu silinafike, ndipo sindidandaula, podziwa kuti thumba la makalata likafika ku Seoul liyamba ulendo wachiwiri wokwera mapiri athu.

Okbun mumgulire nsapato za ubweya m'kati, zokulirapo, pakuti akula. Amayi muwagulire shuga. Akakwiya chifukwa cha loko, muwauze kuti walamula ndine, mkwiyo wawo ugwere pa mwana wawo, usagwere pa inu.

Chun-bae walandira kale yankho. Mkazi wake anachita monse mwa mawu anga tsiku lomwelo kalata inafika, ndipo walemba kuti khitchini yafunda ngati bafa la m'tauni, achapiramo matewera atavula jekete. Watumizanso chithunzi cha mwana wawo wamwamuna, wa chaka chimodzi, atagwira supuni. Chun-bae wachionetsa msasa wonse, nati, “Taonani mutuwo! Dokotala uyu, osati wokhoma matabwa ngati atate wake.” Kenaka waika chitini cha mapichesi pa bedi langa, nati, “Achikulire akunyumba akuti ndikuthokozeni. Akuti mkuluyo ali ndi nzeru kuposa iwe. Idyani msanga ndisanasinthe maganizo.” Chitinicho ndasunga, tidzatsegulire limodzi tsiku la Chaka Chatsopano.

Sindili munthu womasulira maloto, ndipo mpingo ndauletsa kawirikawiri kutsata zotere. Koma kawiri tsopano ndalota Atate ataima pabwalo, atavala zoyera za m'munda, akuyang'ana khoma la kumpoto. Kapena ndi nyama ya nkhosa imene atidyetsa kuno.

Mundiuze ngati dikoni wabwera.

Yom Tae-bok


27 Disembala 1978

Okbun, mwana wanga, usawerenge mopitirira. Ika kalatayi pansi, tenga nkhwangwa, gumula dothi la pa mphuno, zula nsanza zonse, ng'amba mapepala a pa chitseko, taya loko. Chita tsopano lino, angakhale kuli mdima, angakhale mpopi uundane. Ukatha ubwere uwerenge zotsalazo.

Amake Okbun, moni. Ndili moyo. Mulungu achite kuti mawu awa apeze makutu.

Tsiku lotsatana ndi Khirisimasi, tili pa chakudya cha masana, kapitawo Ku anatuluka mu ofesi ndi kapepala ka uthenga wa pa waya, naitana Chun-bae. Iye anapita akutafuna, natembenuka kutiseka kuti, “Andikweza pa ntchito, musandidyere nyama yanga.” Sanabwerere ku mbale yake.

Mkazi wake wamwalira. Mwana ali m'chipatala, ndipo sadziwa ngati adzadzuka. Kunali tsiku la mitambo lopanda mphepo. Mwininyumba anawapeza dzuwa litakwera, atagona ngati ali m'tulo. Anansi anawakokera pabwalo, nathira madzi a mu mtsuko wa kimchi m'kamwa mwa mayiyo monga achita anthu, koma mano anali atalumana. Pansi pa chipinda chawo panalibe mng'alu uliwonse. Mpweya wa malasha unasowa potulukira, nudzaza khitchini, nulowa pa kachitseko kopatsira chakudya. Kachitseko kotero kali pa mutu pa mphasa yanu.

Ndinathamangira kwa kapitawo kupempha kuti anditumizire uthenga pa waya, mawu awiri okha: tsegulani mphuno. Anati, “Mphuno ya ndani? Madala, makina awa si oseweretsa. Kampani inalamula kuti ndi a ntchito ndi maliro basi. Wafa ndani kwanu?” Ndinati, “Palibe.” Anati, “Ndiye mukufuna chiyani? Akafa, uthenga ubwera wokha.” Ndinapempha pasipoti yanga. Anaseka.

Chun-bae amlola kupita kukaika maliro. M'mawa uno, pamene anamanga katundu, ndinalemba mawu omwe ali pamwambawa, ndi kugwada pamaso pake, ine mkulu wa mpingo wa imvi, kumpempha akaponye kalatayo ku Seoul kuti ifike msanga. Ndinayamba kunena kuti Ambuye amtonthoze. Anati, “Dzukani, madala. Musandipempherere.” Sananditche achimwene. Anamanga chingwe cha chikwama, nati, “Mpopi sunaundane. Akuti anaupeza ukudonthabe.”

Galimoto itachoka ndinapeza kalata yanga pa bedi langa, pambali pa chitini cha mapichesi. Sindimtsutsa.

Iyi ipita m'thumba la masiku onse. Keyala ndakopera ndekha pa envelopu yakale, chilembo ndi chilembo. Ngati zapindika, mngelo wa Ambuye aziwongole.

Yom Tae-bok


9 Januwale 1979

Kwa amake Okbun,

Ngati kalata yanga yotsiriza siinafike, iyi inena chomwecho: gumulani mphuno, tayani loko, ndipo pogona musiye chitseko cha chipinda chotsegula mpata wa dzanja. Kuzizidwa sikupha munthu wofunda mabulangete atatu.

Moni. Ndili moyo.

Lero yafika yanu ya pa 19 Disembala. Anzanga anandiombera m'manja poilandira, ndipo ine ndinaopa kuitsegula. Mwalemba mokondwera kuti dikoni Pang wagwira ntchito yokoma, dothi lauma ngati mwala, khitchini yafunda, mpopi suuma konse. Mwalemba kuti, “Bambo ake Okbun, mwatipulumutsa chaka chino.” Mawu amenewo ndawawerenga nditakhala pansi.

Kumunsi kwake, monga nkhani yopanda pake, mwalemba kuti masiku ano mudzuka mutu uli wolemera, ndi kuti Okbun anasanza m'mawa wina nagwa pa khonde ndi chizungulire, koma chimfine chili ponseponse m'mudzi. Sichili chimfine. Mwalembanso kuti nkhuku yathadzi ija munailowetsa m'khitchini kuithawitsa chisanu mwaipeza itauma m'dengu mwake, ndipo mudabwa kuti chisanu chinaipeza bwanji m'malo ofunda chotero. Sichinali chisanu, mkazi wanga. Nkhuku ili ndi chifuwa chaching'ono, ndiyo yayamba.

Ndipo mwalemba kuti Amayi akhala pa khonde pafupi ndi loko, nagogoda ndi ndodo, nati, “Mwaitsina. Tsegulani, ana inu, nyumba ikubanika,” ndi kuti mwawapatsa shuga kuti atonthole, monga ndinalamula. Inu simunalakwe. Mwamvera mwamuna wanu, monga ndinaphunzitsa akazi a mpingo zaka zonsezi. Ndikadakonda mukadakhala mkazi wamwano.

Kalata yanuyo yayenda masabata atatu. Ndiigwira m'manja ngati chinthu chamoyo, koma inena za anthu a mwezi watha. Za anthu a lero sindidziwa.

Sabata yatha ndinakwera lole ya madzi yopita ku tauni, kumene amati kuli nyumba ya mawaya. Pa mpata wa asilikali afuna mapepala, ndipo mapepala anga ali m'bokosi la kapitawo. Anandibweza. Zimene zinatsatira sizili za m'kalata. Ndalama za mwezi uno zidzachepa; musadabwe, ndipo musafunse ku banki.

Anyamata asiya nthabwala ndikalowa. Pa bedi la pamwamba sanaikepo munthu.

Yom Tae-bok


28 Januwale 1979
Tsiku la Chaka Chatsopano cha makolo

Kwa amake Okbun, kapena kwa yense amene adzatsegula kalata iyi,

Moni m'dzina la Iye amene aona ku Samgol ndi kuno nthawi imodzi. Thupi langa lili moyo.

Lero kampani yatiphikira msuzi wa timikate ta mpunga, ndipo anyamata agwada kuyang'ana kum'mawa, kulambira makolo awo ali kutali. Ena anabwera kudzagwadira ine, popeza ndine wamkulu pa msasa. Ndinawaletsa. Mbale yanga ndapatsa wina.

Matumba atatu a makalata afika chifikire yanu ija, ndipo mwa onsewo mulibe dzanja la Okbun. Nyuzipepala yakale imene inakulunga katundu wa mnzathu inena kuti chipale chagwa m'mapiri athu kufika m'chiuno, ndi kuti mabasi aleka kukwera zigwa. Pamenepo ndidziuza kuti ndicho chifukwa chake simulemba. Kenaka ndikumbuka kuti msewu wotseka kalata yanu ndiwo utsekanso zanga, ndi kuti zonse ziwiri zigona m'thumba ku Inje, mawu oti gumulani ali m'kati.

Masana alionse, kapitawo akatsegula chitseko cha ofesi, ndiimirira. Akatuluka chimanjamanja ndikhala pansi ndi kuyamika. Dzulo anatuluka ndi kapepala, ndipo ndinapeza ndafika pamaso pake osadziwa umo ndayendera. Anati, “Si zanu, madala, ndi za simenti. Mukundiopsa ndi maso amenewo.” Koma usiku ndilingalira kuti uthenga wa maliro ufuna munthu woona maliro. Nyumba yathu ili yotsiriza m'chigwa. Chipale chikafika m'chiuno, ndani akwera kukagogoda? Amayi ali kunja kwa loko, ndipo kiyi ali pansi pa mtsamiro wanu.

Zaka makumi awiri ndadzuka mbandakucha kupempha kuti mphepo ileke, mbewu zisagwe, madenga asasasuke. Tsopano ndipempha mphepo. Ambuye wa makamu, utsani mphepo ya kumpoto, iombe pa Samgol usana ndi usiku, ikoke mpweya m'chumuni, ipeze mng'alu umene dikoni anauphonya. Musalole tsiku la bata. Ng'ambani paipi yanga. Ngati pafunika chifuwa china, changa chilipo, ndipo chatha kale ndi fumbi.

Dikoni Pang, ngati ndinu mwatsegula kalatayi, musadziimbe mlandu. Munachita chimene ndinapempha. Mundiuze zoona zonse, osachotsapo, ndipo Amayi muwatengere kwanu.

Yom Tae-bok


18 Febuluwale 1979

Kwa amake Okbun, kwa Amayi, kwa Okbun,

Alemekezeke Mulungu wa amoyo. Moni, moni, ndinenanso moni. Kalata yanu yafika dzulo. Nditaona dzanja la Okbun pa envelopu ndinalira pamaso pa anyamata. Ndili bwino. Lero ndadya mbale ziwiri.

Tsamba lonse loyamba mwadzaza ndi kupepesa kuti paipi yaphulika, kuti ntchito ya manja anga yawonongeka, ndi kuti angakhale msewu utatseguka munachita manyazi kulemba. Mkazi wanga, manyazi anu anatsala pang'ono kundipha. Mwalembanso kuti makalata anga awiri anafika pamodzi mochedwa, ndipo pamenepo ndi pamene munazindikira za mlendo amene anafika pakhomo panu. Nkhani yakeyo ndaiwerenga kufikira pepala lafewa, ndipo ndiilembanso pano kuti ikhale m'dzanja langa.

Mwati kunali masiku oyamba a Januwale, tsiku la mitambo lopanda mphepo. Okbun analephera kudzuka, ndipo inu munali kukwawa kufuna ketulo. Pamenepo anafika mwamuna wowonda, chipale kufika m'ntchafu, nsapato za m'tauni, kansalu ka maliro pa chifuwa. Basi inamsiya kumunsi kwa chigwa ndipo anakwera pansi. Sanapereke moni. Anatola nkhwangwa pa nkhuni, nalowa m'khitchini, nayamba kumenya khoma la kumpoto. Inu munakuwa kuti, “Wakuba! Wamisala!” Koma Amayi anaomba m'manja pa khonde, nati, “Menya, mwana wanga, menya! Lero kwabwera munthu wa mutu pa nyumba pano.” Dothi litagwa, anang'amba mapepala, nakankha zitseko zonse, nanyamula Okbun ndi bulangete lake kumgoneka pabwalo, namsisita nkhope ndi chipale kufikira analira.

Mwati mutamfunsa dzina anati, “Ndine amene ndimalemba kunja kwa makalata anu, mayi. Zam'katimo si zanga.” Munampatsa mpunga, ndipo anadyera m'khitchini, atakhala pansi penipeni pa mphuno, mphepo ikumgwera m'khosi. Anafunsa zaka za Okbun. Kenaka analeka kutafuna, namvetsera mpopi ukudontha mu mtsuko. Anaimirira, naupotokola ndi manja awiri kuutseka, natuluka, natsika chigwa osacheuka. Inu atatu munayesa kuutsegula, nsanza ndi chikuni chomwe, osatheka. Usiku womwewo madzi anaima, ndipo m'mawa chitsulo chinali chitang'ambika.

Mwafunsa ngati anachita dala. Sindidziwa, ndipo sindidzamfunsa. Kalata yanga anaikana, koma keyala inali m'mutu mwake. Anachoka pa manda a mkazi wake, nasiya mwana wake m'chipatala, nakwera phiri kukatsegula nyumba ya munthu amene anatseka yake. Watenga paipi, nandisiyira inu. Kuno sanabwerere, ndipo kapitawo akuti dzina lake alichotsa. Okbun alembere azakhali ake a ku Seoul afunse m'zipatala za mwana wa chaka chimodzi wa banja la Ma. Akampeza ali moyo, mwana ameneyo ali ndi mbale pa nyumba yathu masiku onse a moyo wanga.

Tsopano malamulo, ndipo muwayese ndi Amayi musanawachite. Paipi isakonzedwe kufikira ndibwere. Ku chitsime musatsike. Mupemphe ana a dikoni atunge, muwapatse mazira, ndipo ochapira musungunule chipale. Loko muponye m'chimbudzi. Pa mphuno musaikepo ngakhale tsamba.

Ndidzafika maluwa a m'phiri akamaphuka. Kampani siidzandilembanso, ndipo zala ziwiri za kumanzere sizipinda; zotsalazo zikwanira kukumba ngalande yatsopano, yakuya, yolowera ku khoma la kumwera. Chitini cha mapichesi ndidzabwera nacho chosatsegula, pakuti mwini wake alipo.

Amayi, mwatuma Okbun kulemba kuti, “Muuzeni atate ake a mwana kuti ku tchalitchi ndi mkulu, koma kuno ndi kamwana kamamina.” Ndamva. Ndidzagwada pakhomo panu ndisanavule nsapato.

Ndipo tsopano Mulungu, amene anaika mpweya m'mphuno mwa munthu, asunge mpweya wa onse ogona pansi pa denga limenelo. Adalitse moto wanu kuti ufunditse osapha, ndi madzi anu, otunga ndi osungunula. Adalitse wowerenga kalatayi, ndi womvetsera, ndi nyumba ya yense amene mawu awa adzamfika. Aisiyire kabowo kolowera mphepo, ndipo m'mawa uliwonse awadzutse onse, osatsala mmodzi. Akumbukirenso mwamuna wa nsapato za m'tauni, kulikonse agona usiku uno. Amen.

Ine mwamuna wanu ndi mwana wanu,
Yom Tae-bok